Zikomo kwa amene munalemba m'kaundula wa Option B+

Ana amene anabadwa m'chaka choyamba cha Option B+, njira ya ku Malawi yopereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi HIV, lero ndi anyamata ndi atsikana, ambiri mwa iwo opanda kachilombo ka HIV. Ife a zaumoyo wa amayi ndi ana tikuthokoza anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo ndi alembi a m'zipatala amene munasenza ntchitoyi kuyambira mu July 2011.

Kale mayi woyembekezera ankayamba ma ARV malinga ndi zotsatira za CD4, kuyeza magazi koona mphamvu ya chitetezo cha m'thupi. Makina ake anali ochepa, ankafa kawirikawiri, ndipo mayi wakumudzi ankatha kubereka zotsatira zisanabwere. Amayi athu amayamwitsa mpaka zaka ziwiri, ena n'kutenganso pathupi posakhalitsa, choncho kumwa mankhwala n'kusiya, kenako n'kuyambiranso, kunali kosatheka. Unduna wa Zaumoyo unagamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala a moyo wonse, piritsi limodzi patsiku. Amayi otere oyamba mankhwala anachoka pa 1,257 m'miyezi ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012.

Koma chimene tikuthokoza kwambiri n'chakuti simunabise zolakwika. Miyezi itatu iliyonse oyendera zipatala amabwera kudzafananitsa makhadi a odwala, kaundula ndi mankhwala otsala pashelefu, ndipo inu munalemba zoona: amayi ambiri oyamba mankhwala tsiku lomwelo ayezedwa kusikelo sankabweranso. Mayi wamva uthenga wowawa m'mawa, masana wapatsidwa botolo, akadzimva wathanzi, bambo kunyumba sakudziwa. Botololo limathera pansi pa mphasa. N'chifukwa chake zipatala zinalimbikitsa uphungu wobwereza, kuyitana abambo kusikelo, ndi amayi anzawo omwa kale mankhwala kuti azilondola osowa. Mwananso amafunika mankhwala omuteteza a nevirapine kwa masabata 6, kuyezedwa magazi pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Mayi akasowa, zonsezi zimaduka.

Ziwerengero zimenezo, zabwino ndi zoipa zomwe, ndi zomwe maiko ena anaphunzirapo. Uganda ndi Rwanda anatengera njirayi, ndipo mu 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiika m'malangizo ake. Kwa amayi amene munabwerera kudzatenga botolo lachiwiri, ndi alangizi amene munapalasa njinga kukawafunafuna, zikomo kwambiri.