Ofesi itasamukira pa foni, kuweruka kunasowa

Anthu akamakamba za mmene mliri wa Covid-19 unasokonezera sukulu za ukachenjede, amatchula ophunzira ndi aphunzitsi, koma sakumbukira ife ogwira ntchito za m'maofesi: alembi, owerengera ndalama, osunga kaundula wa ophunzira ndi okonza ndondomeko ya mayeso. Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, makalasi anaima, koma ntchito yathu sinaime. Malipiro anayenera kukonzedwa, malikisi anayenera kulowetsedwa m'kompyuta, ndipo omaliza maphunziro ankafunabe zikalata zawo kuti akafunsire ntchito. Ambiri tinauzidwa kuti tizigwirira kunyumba kapena tizipita ku ofesi mosinthana.

Poyamba zinkaoneka ngati mpumulo, popeza panalibenso kulimbirana minibasi m'mawa, koma posakhalitsa tinazindikira kuti chitseko cha ofesi chinkatiteteza. Wophunzira akafika pawindo nthawi yoweruka itakwana, ankabwerera n'kudzabweranso mawa, ndipo palibe ankaona chachilendo. Ntchito itasamukira pa foni, nambala ya munthu inasanduka windo losatsekeka. Uthenga wa pa WhatsApp umafika pa nthawi ya chakudya chamadzulo, wina Lamlungu uli m'tchalitchi, wina uli pamaliro, ndipo popeza wotumizayo amaona kuti wawerenga, kukhala chete kumaoneka ngati mwano. Ukachokera kwa akuluakulu zimavuta koposa, chifukwa ulemu wathu sulola wamng'ono kuyankha kuti, "Bwana, ndaweruka, ndiona mawa." Umangolemba kuti, "Chabwino bwana, ndikutumizirani posachedwapa," kenako n'kutsegula laputopu ana atagona.

Panalinso ndalama. Ku ofesi intaneti, magetsi ndi mapepala amalipira ndi olemba ntchito, pamene kunyumba bandulo inkatuluka m'thumba mwako, ndipo msonkhano umodzi wautali wa pa Zoom unkatha kuimaliza. Magetsi akazima masana, ntchito inkadikira mpaka atayaka usiku. Komanso zambiri za pa yunivesite zimayenderabe mafayilo, kusayinira ndi chidindo, moti chinthu chimodzi unkachigwira kawiri, pa kompyuta kunyumba kenako papepala tsiku lopita ku ofesi.

Sukulu zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala 2020, n'kutsekedwanso mu Januwale 2021, ndipo kusintha kulikonse kunkatanthauza kukonzanso kalendala ya maphunziro, masiku a mayeso, malo ogona ndi nkhani za fizi. Anzathu ena zinawapanikiza pawiri, chifukwa mu Meyi 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kubadwa mayunivesite atsopano a MUBAS ndi KUHeS, mliri usanathe.

Zonsezi zinatitopetsa kotheratu. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kotereku kuti si matenda, koma ndi vuto lobwera ndi kupanikizika kwa kuntchito kumene kwatenga nthawi yaitali osathetsedwa. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito yako, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Chachiwirichi ndicho chimandidetsa nkhawa, chifukwa ndinachiona mwa mayi wina amene ndimagwira naye ntchito, yemwe kale ankaitana wophunzira aliyense kuti "mwanangu" ndipo ankasiya nsima kuti amuthandize. Anafika poti foni ikalira ankangoiyang'ana n'kuusa moyo, ndipo funso laling'ono la fizi ankaliyankha mokalipa. Ophunzira ankati mayiwa asintha mtima, ena ankati ndi aulesi, pomwe iwo anali atangotha mphamvu.

N'chifukwa chake malangizo akuti tizichita masewera olimbitsa thupi ndi kumwa madzi ambiri sandifika pamtima. Ndi abwino ndithu, koma amaika mlandu pa wotopayo, pamene chomutopetsa ndi kakonzedwe ka ntchito. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, koma palibe amawerengera maola a pa foni. Ku France, kuyambira 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga akaweruka.

Ife tinabwerera ku maofesi kalekale, koma magulu a pa WhatsApp aja sanatsekedwe, ndipo nambala zathu zikadali m'mafoni a ophunzira. Chimene ndikupempha oyendetsa mayunivesite n'chaching'ono: ofesi iliyonse ikhale ndi foni yakeyake yotsala m'dilowa anthu akaweruka, ndipo akuluakulu alembe m'kalata kuti uthenga wotumizidwa usiku uziyankhidwa m'mawa.