Mmene ndinaphunzitsira foni yanga kuyankha ndikawomba m'manja

Kunyumba kwathu ku Chilenje foni yanga imasowa kawirikawiri magetsi akazima, chifukwa adzukulu amaitenga ngati tochi kenako n'kuisiya paliponse. Kuiimbira ndi foni ina sikunkathandiza, popeza ndimatseka kulira kwake ndikakhala kuntchito ndipo ndimaiwala kutsegulanso. Tsiku lina tinaifunafuna ola lathunthu, n'kukaipeza pathumba la makala kuseri kwa mbaula. Pamenepo mwana wa mlongo wanga anati, "Malume, ikanimo pulogalamu yomva kuwomba m'manja."

Ndinalowa pa Play Store n'kulemba mawu akuti clap to find phone, ndipo panabwera mapulogalamu ambirimbiri ofanana. Yoyamba imene ndinasankha inapempha kuona manambala a anthu ndi mauthenga anga, ndiye ndinaichotsa nthawi yomweyo, pakuti chinthu chongomvetsera phokoso sichisowa kudziwa abale anga. Yachiwiri inapempha maikolofoni ndi kamera yokha, kamerayo chifukwa cha kuwala kwa tochi, ndipo ndinavomera. Nditaika foni patebulo n'kuwomba katatu motsatizana, inalira mokweza ngakhale kulira kunali kotseka, uku tochi ikuphethiraphethira.

M'mawa mwake ndinawomba mpaka zikhatho kutentha, koma foni inangoti zii. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Android imagoneka mapulogalamu amene simukuwagwiritsa ntchito n'cholinga chosunga batire, ndipo pulogalamu yogona simva kanthu. Ndinalowa mu Settings, ndinapeza dzina la pulogalamuyo pa Apps, kenako pa Battery ndinasankha kuti isamaletsedwe kugwira ntchito foni ikakhala yotseka. Kuyambira pa Android 12, kadontho kobiriwira kamaoneka pakona yakumwamba maikolofoni ikamamvetsera, ndipo tsopano ndimayamba ndakaona kadonthoko ndisanakhulupirire kuti zonse zili bwino.

Chovuta china chinali kutchera makutu ake. Nditakweza mphamvu yakumva mpaka kumapeto, foni inkalira mayi a kunyumba akamasinja nsinjiro mumtondo, ngakhale chivundikiro cha mphika chikagwa pansi, chifukwa pulogalamuyi sidziwa dzanja la munthu, imangomva phokoso ladzidzidzi. Nditatsitsa kwambiri, sinkamvanso ikakhala pansi pa pilo. Ndinayesa chipinda ndi chipinda mpaka ndinaisiya chapakatikati, ndipo ndinasankha nyimbo yosiyana ndi ya munthu akamandiimbira. Manyazi enieni ndinawaona Lamlungu kutchalitchi, pamene kwaya inayamba kuwomba m'manja ndipo thumba langa linayankha mpingo wonse ukumva. Kuchokera tsiku limenelo ndimazimitsa pulogalamuyo ndikamatuluka pakhomo, zimenenso zimapulumutsa batire, popeza maikolofoni yokhala maso tsiku lonse imadya moto, ndipo masiku a kuzimazima kwa magetsi moto wa foni si woseweretsa.

Pulogalamuyi ndi ya m'nyumba basi, ndipo ubwino wake ndi wakuti sifuna intaneti. Foni ikatsala m'minibasi yopita ku Kamwala, kuwomba sikungafikeko. Pachifukwa chimenechi ndinatsegulanso chida cha Google chofufuzira foni, chomwe chimaonetsa malo pamapu ndi kuiliza kwa mphindi 5, bola ikhale yoyaka ndiponso ili ndi data. Usiku wathawu magetsi atazima ndinaima pakhonde n'kuwomba katatu, ndipo inayankhira m'basiketi ya zovala zochapa.