Khola latsopano la mahatchi athu latha

Sabata yathayi amisiri akhoma lata lomaliza pa khola lathu latsopano kuno ku Bvumbwe, ndiye tati tikuuzeni komwe tachokera. Ife timasunga mahatchi opuma pantchito. Ena ankakweza alendo odzaona malo, ena anali a mabanja omwe ana awo anakula n'kuchoka pakhomo. Hatchi imatha kukhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30, koma msana ndi miyendo zimatopa isanafike pamenepo, mwiniwake n'kusowa poiika. Eniakewo amatilipira pamwezi, ife n'kumaisamalira mpaka tsiku lake litakwana.

Poyamba anthu ankatiseka kuti tikuweta nyama yosadyedwa, yosakamidwa, yosakoka ngolo. Asiyeni aseke.

Chomwe timanyadira n'chakuti kwathu hatchi sikhala yokha, chifukwa ikasungulumwa imaonda ngakhale udzu uli mbwee. Gulu lathu limalamulidwa ndi yaikazi ina yotuwa, nkhalamba kuposa onse. Simenya ayi. Imangopinda makutu kumbuyo, anzake onse n'kupatuka pomwera madzi, ndipo ikanyamuka kulowera kumthunzi, onse amalondola. Yatsopano sitiiponya m'gulu tsiku lomwelo. Imakhala kuseri kwa mpanda, azinunkhizana kaye kufikira mkwiyo utaphwa. Kenako iliyonse imasankha bwenzi lake. Mudzawaona awiriawiri akukandana pakhosi ndi mano, kapena ataima mosemphana, wina akuingitsa ntchentche kumaso kwa mnzake ndi mchira. Hatchi imawodzera chiimirire, koma tulo teniteni imapeza itagona pansi, ndipo kawirikawiri imadikira kuti mnzake aime chilili akulondera. Ndiye n'chifukwa chake ife sitilekanitsa mabwenzi, ngakhale wina akadwala.

Zinazo ndi za masiku onse: madzi, udzu, madeya oviika kwa omwe mano anatha, kuchotsa nkhupakupa, katemera, komanso kuwalowetsa m'khola dzuwa lisanalowe nthawi ya dzinja, poopa touluka tofalitsa matenda a mahatchi.

Chomwe chinatigwetsa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Khola lakale lamatabwa linagwa, udzu wouma womwe tinasunga unawola wonse, mahatchi n'kumaima m'matope mpaka ziboda kuyamba kununkha. Nthawi yomweyo bambo wina amene ankatigulitsa madeya anayamba kusakanizamo mchenga kuti matumba azilemera. Hatchi sisanza, chikalowa m'mimba chalowa, ndipo imodzi inatsala pang'ono kutifera. Bambo inu, tikukuonani mumsikamu. Obwereketsa ndalama nawo anatiuza kuti hatchi yokalamba si chikole. Lero ndi omwewo akutiimbira foni.

Tikuthokoza anyamata athu omwe ankagona panja ndi tochi masiku amenewo, madokotala a ziweto omwe anayenda pansi msewu utaduka, a mfumu ndi anthu a m'mudzi muno omwe anatisenzera nsenjere pamutu, amayi a kumpingo omwe ankatiphikira, komanso eni mahatchi omwe sanawachotse ngakhale zinthu zinali zitavuta. Mayi athu otibereka anagulitsa nkhumba zawo kuti tigule simenti. Amayi, Mulungu akudalitseni.

Tsopano malo alipo a mahatchi ena. Alimi a kabichi, tomato ndi mpiru, manyowa owola bwino tikugulitsa pa thumba kapena pa ngolo, ndipo ogula matumba ambiri timawatsitsira mtengo. Aphunzitsi, bwerani ndi ana Loweruka adzaone ndi kupesa mahatchiwa. Kukwera kokha ndiye ayi, anapuma amenewa.