Khomo limene amayi anayeza

Tulo tandithawa. Magetsi apita, bambo a ana akuliza mkonono ngati palibe chimene chachitika lero, ndiye ndati ndilembe pafoni pomwepa mpaka batire lithe.

Lero linali tsiku losankha penti, basi. Ndinadzuka ndi timakadi ta mitundu timene ndinatenga ku Down Shops, kumashopu a kuno ku Chipata, sabata yatha. Musandiseke, ndikudziwa kuti nyumbayo ilibe ngakhale maziko. Puloti ili apo cha kumsewu wa ku Lundazi, mamita 30 kwa 20, muli mulu wa mchenga, mabuloko amene tinaumba mu Julayi ndi mtengo umodzi wa mango umene ndinaletsa kudula. Koma munthu amene wakhala pa lendi zaka 11 amayamba kupenta nyumba m'mutu simenti isanagulidwe.

Amayi ali kuno. Anabwera kuchokera ku Katete mwambo wa Kulamba utangotha, atasenza thumba la nshawa za chalimbana, mwendo uli wotupa koma iwo akuti si kanthu. Kupuloti sindinawaitane. Ndinangoona amanga duku, avala nsapato, aima pageti kutidikira.

Pepala la pulani ine silindiuza kanthu, ndimangoona mizere. Choncho ndinapempha amisiri kuti ajambule nyumba yonse pansi ndi phulusa tisanapite nayo kukhonsolo, chifukwa akaidinda kumeneko ndiye kuti kusintha ndi ndalama zina. Anajambuladi bwino. Khonde, pabalaza, podyera, khichini, kolido, zipinda zitatu, chathu chokhala ndi bafa lakelake. Ndinalowa pakhomo la phulusalo mtima uli phaphapha ngati mwana. Amayi anali pambuyo panga, akuponda mosamala kuti asafufute mzere.

Anaima pakabokosi kakang'ono pafupi ndi khichini.

"Apa ndi chiyani?"

"Chimbudzi, Ama. Ndi bafa pamodzi. La ana ndi alendo."

"Khomo lake layang'ana kuti?"

Ndinaloza. Linayang'ana pabalaza, ndendende pamene tidzaike mipando. Ine pepalalo ndaliyang'ana miyezi iwiri osaona zimenezi.

"Ndiye akamwini anga akhale apo akuonera mpira, ine ndituluke umu chitenje chili m'khwapa, madzi ali chuchuchu? Kapena ndilowe, onse adziwe kumene ndapita, amve ndi madzi akugwa? Iyayi mwanawe. Ine ndidzapita kuthengo."

Bambo a ana anali pansi pa mango, akuwerenga mabuloko amene anawerenga kale dzulo. Chikwatirane chathu sanadyepo mbale imodzi ndi amayi, akakumana panjira wina amapatuka. Ndinaona khutu lawo lokha kuti lamva.

Amisiri anafotokoza modekha, ndipo zimene ananena zinali zomveka. Anaika bafa pamenepo kuti ligawane khoma ndi khichini, mapaipi onse adutse malo amodzi, atulukire kumunsi kumene puloti yatsetsereka. Septic tank, dzenje lolandira zonyansa za kuchimbudzi, iyenera kukhala kumunsiko, ndiponso kutali ndi chitsime cha aneba, iwo anati mamita 30 ndiye bwino. Ukasamutsira bafa mbali ina, wawonjezera mapaipi, wawonjezera maenje oyang'aniramo mapaipi, ndipo paipi yaitali yosatsetsereka bwino ndi imene imatsekeka. "Manje amayi," anatero, "chipinda chisasunthe. Titembenuze khomo chabe, lilowere mukolido. Tigawenso pakati, chimbudzi pachokha, shawa payokha, kuti wina akamasamba wina asavine panja." Anafufuta ndi phazi, nathira phulusa lina. Nkhani ya miyezi iwiri inatha m'mphindi zitatu.

Ndinaganiza kuti amayi akhutira. Anafunsa kuti chimbudzi chapanja chili pati. Ndinati palibe, Ama, ino ndi nyumba ya m'tauni, Chipata inakhala siti mu 2017. Anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikapsereza ndiwo.

"Siti imeneyo, pampopi panu madzi anatuluka liti?"

Lachitatu. Lero ndi Chiweru. Sindinayankhe. Kunyumba ya lendi kuno madzi akapita, chimbudzi cha m'nyumba chimasanduka mdani, ndowa yathunthu imathera kuthira mmenemo pamene ya kumwa ikusowa. Tili ndi maganizo oika thanki pamwamba pa nsanja yachitsulo, koma thanki imadzaza ndi madzi amene abwera, osati amene sanabwere. Chimbudzi chokumba chidzakhalapo kuseri, pakona. Ndagonja, ndipo chikundiwawa n'chakuti sindinagonje chifukwa cha mwambo, ndagonja chifukwa anena zoona.

Bafa losambira chogona nalonso lapita. Limenelo ndinalilota kuyambira ndili kusekondale, nditaliona kunyumba ya aphunzitsi ena, loyera mbee. Amisiri anati limamwa madzi a anthu anayi, ndipo ambiri amene anawaikira amangochapiramo mabulangete. Ndinaseka nawo koma mkati ndinakwiya. Kodi munthu sungakhale ndi kanthu kamodzi kopanda nzeru m'nyumba yako? Zonse zikhale zothandiza? Pa matailosi pokha ndinavomera msanga, pansi tiike okhakhala, osati onyezimira aja amene ukaponda ndi sopo umapezeka uli chagada. Ndinayang'ana mwendo wa amayi ponena zimenezi, iwo anayang'ana kumapiri.

Dzuwa linali litakwera, kamphepo ka Sepitembala kakunyamula phulusa lathu pang'onopang'ono. Ndinatulutsa timakadi tija kuti mwina tsiku libwerere pamene ndinalikonzera. Bambo a ana amafuna yoyera, akuti nyumba yoyera imaoneka yaikulu ndipo siitentha mu Okutobala. Ine yoyera ndimaiopa. Yotuwa ngati phulusa ndiyo yatenga malo masiku ano, nyumba zatsopano zambiri ndi imeneyo pamodzi ndi malata akuda, moti ukasochera sungadziwe geti la kwanu. Mtima wanga unali pa ina yofanana ndi mkati mwa dzungu losapsa kwenikweni, chikasu chofatsa, mafelemu a mawindo oyera, malata obiriwira. Malata akuda ndinakana kalekale. Amene anagonapo masana m'nyumba yopanda siling'i mwezi wa Okutobala kuno adziwa chifukwa chake.

Amayi anapempha kakadi koyera. Anawerama, natapa dothi ndi chala, napaka pakakadipo, nandibwezera osanena kanthu. Chidindo chofiira cha chala chawo chili pomwepo mpaka tsopano. Dothi la kuno silikhululuka. Chilimwe limabwera ndi mphepo, dzinja mvula ikamenya pansi limadumphira kukhoma mpaka m'mawondo. Kenaka anati, polankhula ndi ine koma mokweza kuti zifike pamango, "Kumudzi tikamazira nyumba, m'munsi timapaka dothi lakuda. Si kukongoletsa chabe. Pamwamba pakani zimene mufuna, m'munsi muike yakuda kapena yofiirira kufika apa." Analoza m'chiuno. Amisiri anagwedeza mutu, anati m'munsimo ikhale penti ya mafuta yotsukika, ndipo kuzungulira nyumba tithire kasimenti kuti madzi a padenga asamakumbe. Kuchokera pamango kunamveka, "Zili bwino, amayi." Yoyera inafera pomwepo. Nanga ine ndakhala ndikunena zomwezi kuyambira Epulo, bwanji sizinamveke?

Tsono zonsezi si zimene zandilanda tulo.

Pakhomo lalikulu ndinapempha kakhoma kotchinga, kuti mlendo akaima pakhonde asaone m'nyumba monse mpaka mapoto. Munthu ukalowa, ukhote kumanzere, ndiye ufike pabalaza. Ndinakaona kunyumba ya mnzanga ku Kalongwezi ndipo ndinakakonda. Tikunyamuka, amayi anabwerera pamenepo. Anaima pakati pa mizere iwiri ya khomo, natambasula manja. Analowa, nakhota, nabwerera. Anachitanso kachiwiri, ulendo uno chammbali, manja ali pansi ngati agwira chinthu cholemera.

"Khomoli ndi lalikulu bwanji?"

"Masentimita 90, amayi. Ndi mmene timaikira."

"Anthu 6 atanyamula, atatu uku atatu uku, akhota bwanji apa?"

Amisiri anaseka. "Sofa timalowetsa chopendeketsa, amayi, musade nkhawa. Ngakhale firiji imalowa."

"Sindikunena sofa."

Panangoti zii. Ndinamva njinga ikudutsa kumsewu, belu lake, ndi mbuzi kwinakwake.

Ndinakumbukira pomwepo. Maliro a amalume, mlongo wawo wa amayi, ku Lusaka. Nyumba yokongola, ya matailosi mpaka pakhonde, koma khomo lopapatiza ndi kakolido kokhota. Anafuna kuti thupi lilowe m'nyumba pang'ono azimayi alire asanapite nalo kumanda. Bokosi linakana kukhota. Anyamata analipendeketsa, kenaka kuliimika pang'ono, ndipo tonse tinamva kuti mkatimo mwasuntha kanthu. Amayi sanalire mokweza tsiku limenelo, anangogwira pakamwa. Sanazitchulepo chichokereni, ine ndinayesa anaiwala.

"Pamaliro mipando imatuluka, azimayi amakhala pansi m'nyumba, azibambo panja pamoto," anatero, maso ali paphulusa. "Khomo likhale loti munthu atuluke mwaulemu, atagona bwinobwino. Nyumba si ya amoyo okha."

Ndinati, "Ama, nyumba sitinamange n'komwe, mwayamba kale kuitanira maliro?" Ndinanena mokalipa, kuposa mmene ndinafunira, pamaso pa amisiri ndi pamaso pa mkamwini wawo. Sanandibwezere. Anangokonza duku nauyamba wa kumsewu, akutsimphina pang'ono.

Chipinda chachitatu chija, choyang'ana kum'mawa, pa pulani tinalemba kuti cha alendo. Tonse tikudziwa mlendo wake. Tinagwirizana ndi alongo anga chaka chatha kuti nyumba ikatha amayi asiye kulima abwere kuno, ngakhale eni akewo sitinawauze bwinobwino. Lero ndazindikira kuti akudziwa. Khomo la bafa, matailosi, chimbudzi chakuseri, sankayendera nyumba ya mwana wawo ayi. Ankayendera nyumba imene adzakhalemo, mpaka potulukira pake.

Madzulo ndinawapeza pakhonde akusenda nshawa mumdima. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo. Ndinafuna kupepesa, ndinafunanso kufunsa za mwendowo, kuti kodi kuchipatala anawauza chiyani chimene ife sanatiuze. Ndisanatsegule pakamwa anati nshawa za chaka chino ndi zazing'ono, mvula inadula msanga kumunda wa kumtunda. Tinakamba za mvula. Tinakamba za mbuzi ya aneba awo imene inadya mbewu. Kenaka anati akagone.

Amisiri akufuna yankho Lolemba, kuti wojambula akonze pepala lipite kukhonsolo. Akuti khomo la zitseko ziwiri, mita imodzi ndi theka, litheka, koma felemu yake ndi yodula, lintelo ya pamwamba pa khomo italike, ndipo kakhoma kanga kotchinga kachoke. Ndawafunsa bambo a ana tisanagone kuti akuganiza bwanji. Anakhala chete nthawi yaitali, ndiye anati, "Atate anganso akukalamba." Basi, anatembenukira kukhoma.

Kakhomako ndikukafunabe. Sindifuna aliyense woima pakhonde aziona mapoto anga. Ndiponso sindifuna kumalowa tsiku lililonse pakhomo limene ndikudziwa chimene tinalikulitsira, nditanyamula tomato wa kumsika wa Kapata, ana akuthamangirapo pochokera kusukulu. Mwina likapakidwa vanishi ndidzaiwala. Mwina n'kuika maluwa mbali zonse.

Chikasu cha dzungu chija palibe amene wachivomera kapena kuchikana, sitinafikepo n'komwe. Kuchipinda kwa ana ndikumva amayi akutsokomola, sanagone nawonso. Batire latsala 4.