Pasiwedi ndi yolondola koma tsamba likukana kukulowetsani: mmene mungafufuzire vuto mu PHP ndi MySQL

Fomu yolembetsera yagwira, dzina laoneka mu phpMyAdmin (pulogalamu yoonera zimene zili mu database), koma mukalemba dzina lomwelo ndi pasiwedi yomweyo tsamba likuti mwalakwitsa, kapena likungobwerera pomwe linali osanena kanthu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amayamba kusintha mizere mwachisawawa ndi kukopera code ina pa intaneti mpaka fayilo yonse isokonezeke. Musatero. Munthu akadina batani lolowera, zimene walemba zimadutsa pa fomu, zifike mu `$_POST`, zilowe mu query (funso limene code imatumiza ku database), pasiwedi iyerekezedwe, kenako session imukumbukire. Zafera penapake panjirayi, ndipo pamalo alionse pali njira yoonera ndi maso chimene chafikapo.

Musanayambe kufufuza, lolani PHP ilankhule. Ikani mizere iyi pamwamba pa fayilo:

```php
ini_set('display_errors', 1);
error_reporting(E_ALL);
mysqli_report(MYSQLI_REPORT_ERROR | MYSQLI_REPORT_STRICT);
```

Kuyambira PHP 8.1 mzere wachitatuwo umagwira wokha, koma seva zina zikadali ndi PHP yakale, imene query ikalephera imangobweza `false` n'kukhala chete. Ngati tsamba likadali loyera mbee, ndiye kuti mwaiwala `;` kapena `}` penapake, ndipo PHP yalephera kuwerenga fayiloyo isanafike n'komwe pa mizere yathuyi. Zikatero sinthani `display_errors` mu php.ini, muzimitse Apache (seva imene imayendetsa PHP) ndi kuiyatsanso.

Pa fomu sipafunika nthawi yambiri. Lembani `var_dump($_POST); exit;` kumayambiriro kwa login.php, mudine batani, muone. Zikatuluka zopanda kanthu, kapena PHP 8 ikati "Undefined array key", yang'anani HTML: browser imatumiza bokosi lokhalo lokhala ndi `name`, osati `id`, ndipo fomu yopanda `method="post"` imatumiza zonse pa adiresi, pasiwedi n'kuonekera pamwamba pa browser. Yang'ananinso adiresiyo. Ikayamba ndi `file:///C:/xampp/htdocs` ndiye kuti mwatsegula fayilo mwachindunji, Apache sinaione, ndipo PHP sinagwire n'komwe. Iyenera kuyamba ndi `http://localhost/`.

Database ikakana kulumikizana imanena nambala, ndipo nambalayo ndi imene muyenera kuwerenga. 2002 ikutanthauza kuti MySQL siyikuyenda kapena ili pa port ina osati 3306. Onani mu Control Panel ya XAMPP (pulogalamu imene imaika Apache, PHP ndi database pa kompyuta yanu) ngati yayakadi. 1045 ndi dzina kapena pasiwedi ya database yolakwika, ndipo uthenga wake umathera ndi "using password: YES" kapena "NO", zomwe zimakuuzani ngati code yanu inatumiza pasiwedi. Pa XAMPP yongoikidwa kumene dzina ndi `root` ndipo pasiwedi palibe. 1049 ndi database yosapezeka, 1146 ndi tebulo losapezeka, 1054 ndi kolamu yosapezeka. Uthenga woti "Call to undefined function mysql_connect()" suchokera ku database konse: phunziro limene mukutsatira ndi lakale, chifukwa ntchito zonse zoyamba ndi `mysql_` zinachotsedwa mu PHP 7.0 chaka cha 2015. Phunziro lotero lisiyeni lonse, osangowonjezera chilembo `i` kumapeto kwa mysql. Zina zonse zimene likuphunzitsa pa nkhani ya pasiwedi ndi zakalenso.

Tsopano query. Maphunziro ambiri amailemba chonchi:

```php
$sql = "SELECT * FROM users WHERE dzina = '$dzina'";
```

Imagwira bwino mpaka tsiku limene alembetsa munthu wa dzina ngati Ng'oma kapena M'bwana. Kachizindikiro kamene timaika pa ng' ndi pa m' ndi komwenso SQL imatsekera nako mawu. Database imalandira `'Ng'oma'`, iwerenga kuti dzina ndi Ng basi, ndipo `oma'` wotsalayo sikumumvetsa, n'kubweza 1064, nambala yosonyeza kuti SQL yalembedwa molakwika. Amene analemba phunzirolo mwina anayesa ndi John yekha, koma kwathu kuno mayina otere ndi ochuluka, ndipo bokosi lililonse limene anthu amalembamo Chichewa likumana ndi m'mawa ndi pang'ono tsiku loyamba lomwe.

Mpata womwewo ndi umene akuba amalowera. Ngati query yanu imafunsa dzina ndi pasiwedi pamodzi, munthu akalemba `admin' -- ` mu bokosi la dzina, zonse zotsatira zimasanduka ndemanga yosawerengedwa, ndipo walowa ngati admin popanda pasiwedi. Zimenezi ndi zimene amati SQL injection. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi amodzi, prepared statement, pamene query imapita payokha ndipo zimene munthu walemba zimapita pazokha:

```php
$stmt = $conn->prepare("SELECT id, pasiwedi FROM users WHERE dzina = ?");
$stmt->bind_param("s", $dzina);
$stmt->execute();
$munthu = $stmt->get_result()->fetch_assoc();
```

Onani kuti `?` sanazunguliridwe ndi zizindikiro zotsekera mawu, mukalemba `'?'` database iona ngati ndi chizindikiro cha funso wamba, ndipo `bind_param` idandaula chifukwa chosowa poika dzina. Zilembo za mu `bind_param` ziyenera kuchuluka mofanana ndi ma `?`: `s` pa mawu, `i` pa nambala yathunthu. Dzina la tebulo kapena la kolamu silingalowe m'malo mwa `?`. Ndipo 1064 ikabwerabe pa query yooneka yolondola, onani ngati simunatche tebulo kapena kolamu `order`, `group`, `key` kapena `desc`, amene ndi mawu a SQL yeniyeniyo. Kusintha dzinalo n'kwabwino kuposa kumalitchinga ndi zizindikiro moyo wonse wa pulogalamuyo.

Query ikapanda kudandaula koma `$munthu` n'kukhala `NULL`, ikopereni mu phpMyAdmin pa gawo la SQL, muikemo dzina ndi manja. Ikabweza mzere kumeneko, vuto lili pa zimene PHP ikutumiza, ndipo `var_dump($dzina)` ikuonetsani kuchuluka kwa zilembo. Mafoni amakonda kuwonjezera mpata kumapeto kwa imelo akamalizitsa mawu okha, choncho dzina ndi imelo zipyole mu `trim()` polembetsa ndi polowa pomwe.

Ambiri amafuna kuti anthu azilowa ndi nambala ya foni, poti si onse ali ndi imelo. Ganizo labwino, koma kolamu yake isakhale INT. Nambala ya m'Malawi yoyamba ndi 09 kapena 08 ikasungidwa ngati INT imataya 0 wakumayambiriro. Choipa kwambiri chimachitika munthu akaiyamba ndi 265: zilembo zake zimakhala 12, pamene INT imathera pa 2147483647. Database yokhwimitsa malamulo ikana, koma yosakhwimitsa isunga 2147483647 yemweyo, ndipo anthu onse olembetsa motero akhala ndi nambala imodzi. Gwiritsani ntchito VARCHAR(20), musankhe kalembedwe kamodzi, mwachitsanzo koyamba ndi 265 kopanda mipata kapena +, ndipo code yanu izisandutsa nambala iliyonse kukhala motero isanaisunge komanso isanaifunefune. Ikaninso UNIQUE pa kolamuyo. Munthu akalembetsa kachiwiri mulandira 1062, imene mungaisandutse uthenga waulemu woti nambalayi ili kale ndi akaunti.

Mzere wapezeka koma pasiwedi ikukanidwa. Apa ndi pamene pamathera maola ambiri, ndiye tifotokoze mofatsa.

Pasiwedi sisungidwa mmene munthu wailembera. `password_hash()`, imene inabwera mu PHP 5.5, imaigaya n'kutulutsa hash, ndipo monga ufa subwerera kukhala chimanga, hash sibwerera kukhala pasiwedi. Pogayapo imasakanizamo zilembo zina zongosankha mwangozi zimene amazitcha salt, kotero pasiwedi imodzimodzi mukaigaya kawiri mupeza ma hash awiri osiyana. N'chifukwa chake kugayanso pasiwedi polowa n'kufunsa `WHERE pasiwedi = ?` sikudzagwira ngakhale kamodzi. Funani munthu ndi dzina lokha, monga query ya pamwambayo, kenako:

```php
if ($munthu && password_verify($pasiwedi, $munthu['pasiwedi'])) {
    // walowa
}
```

Choyamba mu `password_verify` ndi chimene munthu walemba, chachiwiri ndi hash ya mu database. Mukazitembenuza PHP sidandaula, ingobweza `false` nthawi zonse.

Ngati zili m'malo mwake koma ikukanabe, yesani utali wa hash:

```sql
SELECT dzina, LENGTH(pasiwedi) FROM users;
```

Hash ya bcrypt, njira yogayira imene `PASSWORD_DEFAULT` ikugwiritsa ntchito pakali pano, imayamba ndi `$2y$` ndipo ili ndi zilembo 60 ndendende. Mukaona 50 kapena 32 ndiye kuti kolamu yanu ndi VARCHAR(50) kapena VARCHAR(32) ndipo database inadula mchira wa hash mwakachetechete. Imatero ngati `STRICT_TRANS_TABLES` mulibe mu zimene `SELECT @@sql_mode;` ikuonetsa; ikanakhalamo mukanalandira 1406, "Data too long", pa nthawi yolembetsa. Kulitsani kolamuyo ifike VARCHAR(255), monga buku la PHP limalangizira poti njira yogayira ikhoza kudzasintha. Koma kukulitsako sikubweza zimene zinadulidwa kale. Akaunti zonse zakale ziyenera kulembetsedwanso kapena kupatsidwa pasiwedi yatsopano, ndipo ambiri amaiwala zimenezi n'kuganiza kuti mankhwalawo sanagwire.

Utali ukakhala 60 koma zikukanikabe, yerekezani register.php ndi login.php mzere ndi mzere. Chilichonse chimene chinakhudza pasiwedi isanagayidwe mbali imodzi yokha chiswa zonse: `htmlspecialchars()` imasandutsa `&` kukhala `&amp;`, `mysqli_real_escape_string()` imawonjezera `\`, ndipo mwina inagayidwa kawiri, kamodzi mu fomu yolembetsera ndi kenanso mu function yosungira. Pasiwedi musaikonze mwa njira iliyonse; itengeni mu `$_POST` mmene ilili ipite mu `password_hash()`. Akaunti imene munailemba ndi manja mu phpMyAdmin ndi pasiwedi yosagaya, kapena mutasankha MD5 (njira ina yakale yogayira), siingadutse pa `password_verify`. Poyesa, hash mukaikopera mu code muzitsekera ndi chizindikiro chimodzichimodzi (`'`), osati ziwiriziwiri (`"`), chifukwa mkati mwa ziwiriziwiri PHP ikhoza kuwerenga `$` wotsatidwa ndi chilembo ngati variable n'kudya gawo la hash.

Za MD5 ndi SHA1 tingoti zisiyeni. Zimagaya mwachangu kwambiri, ndipo liwiro limenelo limathandiza wakuba amene watenga tebulo lanu kuyesa mapasiwedi ochuluka pa kanthawi kochepa. bcrypt inapangidwa dala kuti izichedwa.

Kwatsala session. Chizindikiro chake n'chodziwika: pasiwedi yavomerezedwa, mwapita ku dashboard.php, ndipo yakubwezani ku login.php. HTTP sikumbukira munthu kuchoka tsamba lina kupita lina. Chimene chimamukumbutsa ndi cookie (kachidziwitso kamene browser imasunga n'kumakabweza ku seva) yotchedwa PHPSESSID, ndipo `session_start()` iyenera kukhala pa tsamba lililonse lowerenga kapena kulemba `$_SESSION`, osati pa login.php pokha. Iyeneranso kubwera chinthu chilichonse chisanatumizidwe ku browser. Mpata umodzi patsogolo pa `<?php`, mzere wopanda kanthu pambuyo pa `?>` mu fayilo ya db.php imene mwaiitana, kapena fayilo yosungidwa ngati "UTF-8 with BOM", zonsezi zimabala "headers already sent". Uthengawo umatchula malo awiri. Ofunika ndi amene ali pa "output started at", chifukwa ndi pamene panatuluka kanthu koyamba. Mu fayilo ya PHP yokhayokha `?>` yomaliza ingoisiyani osailemba.

Munthu akalowa, ndondomeko yake ikhale iyi:

```php
session_regenerate_id(true);
$_SESSION['user_id'] = $munthu['id'];
header('Location: dashboard.php');
exit;
```

`exit` ameneyo si wokongoletsa. `header()` imangopempha browser kuti ipite kwina, koma PHP imapitiriza kuwerenga mizere yotsatira. Pa tsamba lotetezedwa, mukabweza munthu wosalowa popanda `exit`, zonse za patsambalo zimatumizidwabe kwa iye, ndipo wodziwa akhoza kuziwerenga.

Kuti muone ngati cookie ikufika, dinani F12, mupite pa Application mu Chrome kapena Storage mu Firefox. PHPSESSID ikamasintha pa tsamba lililonse ndiye kuti browser siyikuibweza. Kawirikawiri chifukwa chake ndi adiresi: kwa cookie, `localhost` ndi `127.0.0.1` ndi malo awiri osiyana, chimodzimodzinso adiresi ya www ndi yopanda www. Anthu akamadandaula kuti akutulutsidwa atangokhala pang'ono osadina kanthu, onani `session.gc_maxlifetime`, imene imabwera ili pa masekondi 1440, kutanthauza mphindi 24.

Zimene zimagwira pa laputopu n'kufa zikakwezedwa pa hosting zili ndi zifukwa zake zochepa. Windows sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa mayina a matebulo ndi mafayilo, pamene Linux imasiyanitsa, kotero `Users` ndi `users` ndi matebulo awiri, ndipo `Login.php` si `login.php`. Pa cPanel dzina la database ndi la wogwiritsa ntchito database nthawi zambiri amayamba ndi dzina la akaunti yanu ya hosting, `root` kulibe, ndipo mukapanga awiriwo muyenera kuwalumikiza ndi kupereka chilolezo, apo ayi database ikukanizani kulowa ngakhale pasiwedi ili yolondola. `get_result()` imafuna mysqlnd (gawo la PHP lolumikizirana ndi MySQL), choncho seva ikati siikuidziwa, yatsani mysqlnd pa gawo losankhira PHP kapena musamukire ku PDO, njira ina ya PHP yolumikizirana ndi database. Malaŵi akasanduka Mala?i ndiye kuti tebulo kapena kulumikizana kwake kuli pa latin1, mmene mulibe chilembo ŵ; ikani matebulo pa utf8mb4 ndi kuwonjezera `$conn->set_charset('utf8mb4');` mukangolumikizana.

Pa seva ya anthu onse zimitsani `display_errors` muyatse `log_errors`, chifukwa mauthenga amene akuthandizani pa laputopu amaulula mayina a matebulo ndi njira za mafoda kwa aliyense. Uthenga wa munthu wolephera kulowa ukhalenso umodzi, "dzina kapena pasiwedi sizolondola", kaya dzinalo lilipo kapena ayi, kuti wongoyesayesa asadziwe akaunti zimene zilimo. Chifukwa chenicheni chilembeni ndi `error_log()`, koma pasiwedi imene munthu analemba isalowe mu log, ndipo ma `var_dump` onse munaika pofufuza muwachotse musanakweze mafayilo.