Mu malofu atatu muli matheka angati?

Lachiwiri usiku magetsi atazima kuno ku Mtendere mu Lusaka, ndinali kujambula timabokosi papepala ndi tochi ya pa foni. Kenaka ndinangofuula ndekha mpaka mng'ono wanga anadzuka n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwalumidwa ndi chiyani?" Sindinalumidwe ayi. Ndinali nditangomvetsa chifukwa chake 3 ÷ ½ ndi 6.

Lamulo lotembenuza fulakishoni yachiwiri n'kuchulukitsa nonse mukulidziwa, sinditaya nthawi pamenepo. Ine ndinakhoza nalo mayeso a ECZ, bungwe la mayeso la kuno ku Zambia, koma mumtima ndinkadabwabe kuti munthu ugawa bwanji chinthu n'kupeza chambiri kuposa chimene unali nacho. Kani funso lenileni ndi lina: mu zitatu muli matheka angati? Jambulani malofu atatu a buledi, lililonse mulidule pakati, muwerenge zidutswa. Zisanu ndi chimodzi. Yesaninso ¾ ÷ ⅛. Dulani bokosi limodzi zidutswa 8, ndipo ¾ ikutenga zidutswa 6. Kuchulukitsa ndi 8 kuja si matsenga, n'chifukwa chakuti bokosi lathunthu lili ndi tizidutswa 8 timeneti. Basi. Zaka zonsezi!

Kujambula kumeneku ndi njira ya ku Singapore, imene anaiyambitsa m'sukulu za pulayimale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, potsatira maganizo a Jerome Bruner, katswiri wa kaphunziridwe ka ana, akuti mwana ayambe wagwira chinthu, kenaka aone chithunzi, manambala abwere pomaliza. Ndipo ana a ku Singapore akhala ali pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba pa TIMSS, mayeso a masamu ndi sayansi oyerekezera maiko, amene amalembedwa zaka zinayi zilizonse kuyambira 1995. Ife a ku Zambia pa PISA for Development, mayeso ena oyerekezera maiko osauka ndi otukuka kumene, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, ophunzira a zaka 15 amene anafika pa mlingo woyambira wa masamu anali pafupifupi awiri okha pa 100 alionse. Kunena zoona, ine ndikuti timabokosi timeneti tokha tingasinthe zambiri, ndipo safuna ndalama: choko ndi bolodi basi. Anzanga kukoleji akuti ndatengeka. Mwina.

Chimene chikundiwawa n'chakuti palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anandijambulirapo lofu. Ndili Giredi 6 ndinafunsa, yankho linali lakuti, "Iwe, lamulo ndi lamulo, kopera." Komatu kuyambira 2005, mothandizidwa ndi JICA, bungwe la chitukuko la boma la Japan, dziko lathu linatengera ku Japan chizolowezi cha lesson study, choyambira ku Central Province, chakuti aphunzitsi akonzere limodzi phunziro, mmodzi aphunzitse ena akuonerera, kenaka akambirane pamene ana anakodwa. Nanga bwanji m'makalasi ambiri tikungokoperabe? Ngakhale kuwaimba mlandu kwambiri sindingathe. Pa teaching practice, nthawi imene ife ophunzira uphunzitsi timakayesa kuphunzitsa m'kalasi, ndinali ndi ana oposa 70, mphindi 40, ndi silabasi yondithamangitsa. Nanenso ndinangolemba lamulo pabolodi.

Dzulo ndinayesa ⅔ ÷ ¾. Ndinadula bokosi zidutswa 12, kupeza kuti ⅔ ndi zidutswa 8 ndipo ¾ ndi zidutswa 9. Mu 8 muli ma 9 angati? Palibe ngakhale imodzi yathunthu, yankho ndi 8/9. Ine ndikuliona, koma mwana wa kumbuyo kwenikweni uja, wokhala pansi pafupi ndi chitseko, ndingamuuze bwanji belu lisanalire? Pepala lija likadali patebulo.