Mzere wofiira pansi pa dzina la mwana

Lolemba ndinafika kusukulu 7 koloko isanakwane, chifukwa mu Okutobala ntchito yanga imayamba ndi fumbi. Limalowa ngakhale mazenera atatsekedwa, ndipo likadzaza m'kati mwa kompyuta kafani kake kamalira ngati njuchi, makina n'kutentha, kenako n'kuzima okha phunziro lili pakati. Ndinavundukula zitenje zimene timafunditsa makompyuta, ndinapukuta, n'kuyamba kuyatsa imodziimodzi. Pa makompyuta 20 akale amene sukulu yathu inalandira, 14 ndi amene anayaka. Otsalawo ali pakona, ndipo ndi kumene ndimasolola chingwe, mausi kapena memore ina ikafa.

Ndimaphunzitsa kompyuta ana a sitandade 4, 5 ndi 6 pasukulu ina ya pulayimale ya boma muno mu Blantyre. Oyamba kulowa Lolemba anali a sitandade 4, ana 84. Gawani nokha: ana 6 pa kompyuta imodzi. Piriyodi ndi mphindi 35, ndipo zisanu zimathera pa kulowa, kuvula nsapato pakhomo ndi kupeza pokhala. Zotsala 30 zija mukazigawira ana 6, aliyense amatsala ndi mphindi 5 pa sabata yathunthu. Mphindi zimenezi ndimazilondera ngati nkhokwe m'chaka cha njala.

Ndinayamba kuzilondera nditaona zimene zimachitika ukangowasiya anawo. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi amene kwawo kuli foni yaikulu, kapena amene amaswera kumsika kuonerera anyamata oika nyimbo m'mamemore. Ameneyo amalanda mausi, anzake n'kumangoyang'ana. Amene amatsalira kawirikawiri ndi atsikana ndi ana ofatsa. Amapinda manja kumbuyo, ndipo ukawafunsa amati, "Madamu, ndaona kale mmene amachitira." Ine sindifuna aone, ndifuna agwire. Choncho ndili ndi zitsekerero za mabotolo zolembedwa manambala 1 mpaka 6, mwana aliyense amatola chake polowa. Ndikaomba m'manja, wa nambala 1 amanyamuka pampando, wa nambala 2 n'kukhala. Wolanda mausi nthawi yake isanakwane amaluza mphindi imodzi pa zisanu zake, ndipo anzake a pagulu ndi amene amamuwerengera.

Nditawauza kuti dzina lakuti mausi limatanthauza mbewa, kalasi yonse inafa nalo phwete, mnyamata wina kumbuyo n'kufunsa ngati ndi kapuku. Kuseka kutatha vuto lenileni linaoneka. Ana a masiku ano amafika pa kompyuta ataonapo foni, ndiye choyamba amakanda sikirini ndi chala, n'kudabwa kuti palibe chikusuntha. Kumvetsa kuti dzanja likuyenda pathebulo koma kamuvi kakuyenda pa sikirini kumafuna nthawi. Timagwiritsa ntchito GCompris, pulogalamu yaulere imene sifuna intaneti. Muli masewero ena oti ukamayendetsa mausi timabokosi timafufutika mpaka chithunzi cha nyama chionekere, ndi ena odina nsomba zikusambira. Mwana wina anayendetsa mausi mpaka kumapeto kwa thebulo, n'kupitiriza pa ntchafu pake, chifukwa sanadziwe kuti angathe kuinyamula n'kuibwezera pakati. Chovuta koposa ndi kudina kawiri msangamsanga. Ndimawauza kuti zili ngati kugogoda pachitseko cha mnansi, go-go, osati go, n'kupuma, go. Pofika belu, magulu ambiri anali atagwira.

Lachiwiri ndi tsiku limene sindidzaliiwala msanga. A sitandade 5 anali kutayipa mayina awo koyamba mu LibreOffice Writer, pulogalamu yolembera pa kompyuta. Funso loyamba limakhala lomwelomwelo chaka chilichonse: n'chifukwa chiyani zilembo zasokonezeka, A ali apa, B ali kutali uko? Ndinawafotokozera kuti kasanjidwe aka, kotchedwa QWERTY potengera zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira pamzere wapamwamba, kanachokera ku mataipi akale a m'zaka za m'ma 1870, aja a Christopher Latham Sholes amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa ku America. Awiri atatu anati agogo awo ankatayipa pa makina otere kuofesi. Kenako ndinawauza atseke maso apapase zilembo F ndi J. Atamva timizere totukuka tija pansi pa zala, anakuwa ngati atola ndalama.

Ndikuyendera magulu, ndinapeza mtsikana wina wafufuta dzina lake kachitatu. Mphindi zake zinali kutha, ndipo anzake anayamba kumufulumizitsa. Anandiyang'ana maso ali jegwejegwe.

"Madamu, ndalakwitsa pati?"

Sanalakwitse paliponse. Dzina analilemba bwinobwino, chilembo choyamba chachikulu monga ndinawaphunzitsira. Koma pansi pake panali kamzere kofiira kokhotakhota. Kwa mwana wa pulayimale, chofiira pa ntchito yake chili ndi tanthauzo limodzi lokha: bolopeni ya aphunzitsi, walakwa. Nditayang'ana m'makompyuta ena ndinaona zomwezo. Mayina ngati Tiyamike, Mphatso, Chikondi, Limbani, onse mzere wofiira. Mayina ngati John ndi Mary, mbee, opanda chilema. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Grace amadutsa koma Chisomo amagwidwa, pamene ndi dzina limodzi lomwelo m'zinenero ziwiri.

Ndinaimitsa kalasi yonse. Ndinawauza kuti m'kati mwa pulogalamuyi muli mndandanda wa mawu a Chingerezi, ndipo liwu lililonse limene silili pamndandandawo imaliika mzere, kaya ndi lolondola kaya ndi lolakwika. Kuti aone okha, ndinatayipa nsima, Mulanje, chambo ndi dzina langa lomwe. Zonse zinafiira.

"Ndiye kuti kompyuta sidziwa nsima?" anafunsa mnyamata wina.

"Siidziwa. Amene anaiphunzitsa mawu sanaiphunzitse Chichewa."

"Ndiye tiiphunzitse ifeyo, Madamu."

Tinachitadi zomwezo. Ukadina batani lakumanja la mausi pa liwu lofiiralo, pamabwera posankha kuti liwulo lilowe pamndandanda. Gulu lililonse linalowetsa mayina a anthu ake asanu ndi mmodzi, ndipo mzere ukazimiririka ankaomba m'manja. Mtsikana uja ndinamubwezera mphindi zake zonse zisanu. Pambuyo pake ndinazimitsiratu mizereyo pa makompyuta onse, zimene zimangofuna kudina mabatani a Shift ndi F7, chifukwa tikamalemba ziganizo za Chichewa tsamba lonse limasanduka magazi. Komabe ndinasangalala kuti anayamba aiona mizereyo n'kumva chifukwa chake. Adzakumana nayo pa foni ndi pa kompyuta iliyonse moyo wawo wonse, ndipo sindifuna kuti tsiku lina adzasinthe kalembedwe ka dzina lawo pofuna kukondweretsa makina.

Nthawi yotsalayo tinasaka kankhodolera ka mu ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona, kamene kali pafupi ndi batani la Enter. Popanda iko mwana amalemba ngoma, nyama yakutchire, pamene amafuna ng'oma yovinira. Wina anafunsa za w wa kachipewa amene anamuona m'buku lakale la agogo ake polemba Malaŵi. Pa kiyibodi palibe. Ndinawaonetsa kuti ukatayipa 0175 n'kudina Alt pamodzi ndi X, chilembocho chimatulukira. Analemba nambalayo pachikuto cha makope awo.

Lachitatu magetsi anazima 8 koloko isanakwane ndipo sanabwere mpaka kuweruka. Masiku otere sindibweza ana. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri tinkakhala osayatsa kompyuta masiku angapo otsatizana. M'nthawi imeneyo ndi pamene ndinajambula makiyibodi 42 pa makatoni a sopo, kukula kwake kofanana ndi enieni. Lachitatu ndinawatulutsa, ana awiri pa katoni imodzi, ine kutchula liwu iwo kuliyendetsa ndi zala. Chodabwitsa n'chakuti pa tsiku lopanda magetsi mwana amagwira kiyibodi nthawi yaitali kuposa tsiku la magetsi.

Titatopa nazo tinatuluka pansi pa mtengo wa mango. Mwana mmodzi anakhala kompyuta, anzake n'kumamulamula kuti akafike pa chidebe cha madzi: mapazi atatu kutsogolo, tembenukira kumanja, mapazi awiri. Lamulo linali lakuti kompyutayo achite zimene wauzidwa zokha basi. Ataiwala kumuuza kuti aime, anapitirira mpaka kukagunda mpanda, ndipo anayamba kukangana kuti wolakwa ndani, iye kapena olamulawo. Mkangano umenewo ndinausiya upitirire kanthawi, chifukwa ndi mmene amayambira kuganiza anthu olemba mapulogalamu.

Lachinayi m'mawa a sitandade 6 tinakambirana za nambala yachinsinsi. Ambiri amatumidwa kwa ma ejenti a Airtel Money kapena Mpamba, ndipo nditafunsa amene amadziwa PIN ya amayi awo, manja oposa theka anakwera. Tinawerenga pa bolodi uthenga wa mtundu uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, n'kukambirana chimene angachite ukafika pa foni ya kunyumba. Anagwirizana kuti choyamba ndi kuimbira mwini wake pa nambala imene akuidziwa kale.

Masana kunali msonkhano wa aphunzitsi. Mnzanga wina wa makalasi apamwamba anapempha kuti chipinda cha makompyuta chizigwiritsidwa ntchito pokonzekeretsa a sitandade 8, popeza pa mayeso a PSLCE a MANEB palibe pepala la kompyuta. Zimene ananena n'zoona, ndipo sindimuweruza, chifukwa makolo amayeza sukulu ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita kusekondale. Wina anawonjeza kuti matabuleti a BEFIT akubwera, ndiye makompyuta akalewa atha ntchito. Pulogalamu imeneyi Unduna wa Zamaphunziro unaiyamba mu 2023 m'sukulu 500, ndi ya ana a sitandade 1 mpaka 4, matabuleti ake amatchajidwa ndi sola, ndipo maphunziro ake, opangidwa ndi bungwe la onebillion, amalankhula Chichewa. Ndinakaionapo pasukulu ina ndipo ndinaikonda: mwana aliyense tabuleti yake, zomvera m'makutu zake, palibe wolanda mnzake. Ikafika kwathu ndidzakhala woyamba kuvina.

Koma ndinati, "A hedi, ntchito ya matabuleti aja ndi kuphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Kutayipa kalata, kuisunga, kudzaipezanso mawa, zimenezo mwana amaphunzira muno." Ndinawakumbutsa kuti kusekondale Computer Studies ndi phunziro losankha, ndipo m'ma CDSS ambiri mulibe makompyuta n'komwe. Kwa ana athu ambiri, mphindi zisanu za muno ndi zokhazo mpaka tsiku limene adzauzidwe kuti fomu yofunsira malo kukoleji kapena ntchito adzaze pa intaneti. A hedi anagamula kuti a sitandade 8 azilowa m'chipindacho tikaweruka, zitenje zili zofunda, ndipo matebulo a makompyuta asasunthidwe. Ndinavomera.

Lachisanu a sitandade 6 gulu lachiwiri anaphunzira kusunga ntchito. Ndimayerekeza foda ndi chikwama, fayilo ndi kope, ndipo kope lopanda dzina pachikuto limasochera. Gulu lina linalemba ndime yabwino yonena za msika wa ku Limbe, koma wina anakoka chingwe ndi phazi asanasunge, ndime yonse n'kupita. Analira mwana amene anatayipa kwambiri. Sindinathe kuibweza. Anayambiranso, ndipo ulendo uno ankadina Ctrl ndi S pakutha pa chiganizo chilichonse popanda wowakumbutsa.

Titaweruka, ndikuyamba kuzimitsa makina, ndinamva odi pakhomo. Anali mtsikana wa Lachiwiri uja, atagwira dzanja mng'ono wake wa sitandade 2, kumbuyo kwawo kuli amayi awo ndi dengu la masamba otsala kumsika.

"Pepani aphunzitsi, takuchedwetsani," anatero mayiwo. "Mwanayu sakundigonetsa. Akuti ndibwere ndidzaone dzina lake pa kompyuta."

"Lowani mayi, khalani apa. Palibe kuchedwa."

Mtsikanayo anakhala pa kompyuta nambala 9, imene gulu lake limagwiritsa ntchito. Anapapasa F ndi J, n'kutayipa dzina lake ndi chala chimodzichimodzi. Kenako analemba la mng'ono wake, n'kufunsa amayi ake kalembedwe ka dzina lawo la kumtundu. Mayiwo analitchula pang'onopang'ono, ndipo linali ndi ng' pakati. Mwanayo anapeza kankhodolera kaja yekha, ine ndili chiimire kumbuyo manja ndapinda. Anakweza mng'ono wake pamiyendo, n'kumugwira dzanja kuti ayendetse mausi.

Inki ya pulinta yathu ndimaisunga kuti ifike kumapeto kwa teremu, koma tsamba limenelo ndinalisindikiza. Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali, analipinda kanayi, n'kulimanga pa mfundo ya chitenje pamene amasungira ndalama. Atatsazika ndinafunditsa makompyuta 13. Nambala 9 ndinaisiya pambali chifukwa kafani kake kayambanso kulira, ndipo Loweruka m'mawa ndibwera ndi sikuludiraiva ndi burashi kudzaitsegula.